Mpiru wa Mbewu

Kabotolo kaja kanali kofiirira, kachitsekero koyera, kosaposa chala cha munthu wamkulu. Kanabwera pakhomo pathu kali ndi mapiritsi a mayi anga, kuchokera kuchipatala cha ku Mishoni. Mayi atamwalira, agogo sanakataye. Anakatsuka, anakayanika padenga la khola la nkhuku, kenako anathiramo njere za mpiru n'kukapisa kutsindwi, pamwamba pa chitseko, pomwe utsi umafika koma chinyezi sichifika. Ukakagwedeza kankalira ngati mchenga wouma. Mpaka lero ndikamva njere zikulira m'botolo, ndimakumbukira nyengo yozizira ya chaka chimenecho, ndili Sitandade 3.

Bambo anga sindinawadziwe. Anamwalira ndili kumsana. Choncho mayi atatsatira, pakhomo tinatsala awiri, ine ndi agogo obereka mayi anga, amene kwathu kuno timati anganga. Anthu amaganiza kuti mwana woleredwa ndi agogo amakula ndi nthano. Ine ndinakula ndi mawu afupiafupi: tseka chitseko, pita kumjigo, idya. Anganga ankalima ndiwo kudimba n'kukagulitsa kumsika wa ku Thuchila, ndipo mawu awo ambiri ankathera komweko. Akakwiya ankalankhula Chilomwe, akatopa sankalankhula konse. Kutchalitchi ankapita Lamulungu lililonse, ankaimba mwamphamvu kuposa amayi anzawo, koma ulaliki ukangoyamba mutu unkagwera pachifuwa.

Inenso sindinali wolankhula. Ndinali mwana wa maso ndi makutu. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti nkhani zokhudza moyo wake zimakambidwa iye ali pomwepo, akulu akuyesa ngati palibe munthu.

Pabwalo pathu panali mtengo waukulu wa mango. Maliro a mayi anachitika mvula ili mkati, nkhuni zinasowa, anthu anali ambiri, ndipo anyamata anaudula kuti azimayi aphikire. Panatsala chitsa chachikulu ngati mtondo wogubuduza, chotuluka utomoni. Pachitsa chimenecho ndi pomwe amalume anakhala tsiku lomwe anabwera, titangomaliza kukolola chimanga.

Amalume anali mchimwene wa mayi anga. Ankakhala ku Muloza, kumalire, komwe ankanyamula anthu ndi katundu panjinga kupita ku Milanje n'kubwerera. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna izi zimveke. Ankabwera ndi shuga ndi sopo, ankandiitana kuti mphwanga, ndipo pamaliro analira ngati mwana. Koma kwathu m'bale wamwamuna wa mayi ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo wake akasowa pogwira, iye ndiye amanena komwe apite.

Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa choyanika kuti chikhale makaka. Amalume anayamba ndi za mvula ndi za mtengo wa nandolo. Kenako ananena kuti anganga akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo akadzadwala usiku palibe amene adzathamange. Anati kwawo kuli mapasa ongobadwa kumene, akazi awo manja achepa, ine ndikakhala wothandiza ndipo sindikagona ndi njala.

"Amayi, mwana wamasiye ndi mbalame," anatero. "Mbalame imatera pomwe pali mtengo. Pakhomo pano pali mtengo?"

Anganga anangoti mwini mbumba wanena. Amalume anati adzanditenga nandolo akadzauma, kuti ndiyambe ndawathandiza anganga kukolola.

Mpeni unandicheka chala koma sindinalire. Ndinkadziwa za ku Muloza. Kunali kale mtsikana wina wa kuchikazi kwa amalume amene anapita kukathandiza, ndipo sukulu yake inathera pomwepo. Ndinkadziwanso kuti manda a mayi ali kuseri kwa munda wathu, ndipo kuti anganga akadya okha samaliza n'komwe mtanda umodzi. Koma chomwe chinandikhala m'mutu chinali funso lija. Ndinayang'ana pabwalo ponse. Amalume ankanena zoona. Panalibe mtengo.

Lero ndikudziwa kuti ankanena za munthu wodalirika, wamphamvu zake, wotsamirapo. Nthawi imeneyo ndinamva mtengo, wa masamba ndi nthambi.

Lamulungu lotsatira kunali chiperoni. Phiri lalikulu la kwathu linabisala lonse, kamvula kopyapyala kankalowa m'khosi, ndipo ana a Sande sukulu tinapanikizana m'kalasi ina ya pulayimale yopanda magalasi m'mazenera. Aphunzitsi athu anali mnyamata wamtali amene mkati mwa sabata ankayeza masamba kuesiteti ya tiyi. Malaya awo oyera ankanunkha makala a m'simbi. Ankakonda kubwera ndi chinthu m'thumba. Tsiku lina anabwera ndi nyali, tsiku lina ndi mchere. Tsiku limenelo anatambasula dzanja, ndipo pachikhatho panali kadontho kakuda kamene akumbuyo sanakaone.

Anati Yesu pophunzitsa ankakonda mafanizo, nkhani za zinthu zomwe anthu ankaziona tsiku ndi tsiku. Anati ufumu wa Mulungu anaufanizira ndi njere ya mpiru. Ndi yaing'ono kuposa mbewu zina, koma munthu akaifesa imamera, imakula, imasanduka mtengo, mpaka mbalame zimabwera kudzakhala m'nthambi zake.

Mnyamata wina wamkamwa, mwana wa ogulitsa nsomba zouma, anaimika dzanja. "Aphunzitsi, mpiru wake uti? Womwe timadyera nsimawu?" Aphunzitsi atavomera, iye anati ndiye kuti kwa Yesu azimayi amapita kukathyola ndiwo atanyamula makwerero. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Wina anati akagwa mumtengo wa mpiru amakagonekedwa ku Mishoni. Aphunzitsi anasekako, makutu akuoneka kuti atentha, kenako anati fanizo lili ngati nzimbe: sumeza zonse, umatafuna n'kumeza madzi ake, zotsalazo n'kulavula.

Ine sindinaseke. Za nzimbezo zinandidutsa. Ndinamva zinthu zomwe ndinkazifuna: njere yomwe tinali nayo kale m'nyumba, mtengo, ndi mbalame. Mawu omwewo amene amalume ananena pachitsa, Yesu anali atawanena kale, ndipo iye anawonjezerapo njira yake. Mango amatenga zaka. Mpiru ndinkaudziwa kuti suchedwa. Ndinaganiza kuti chifukwa chomwe palibe anaonapo mtengo wa mpiru n'chakuti anthu sapirira, amauthyola usanafike pomwe ukupita.

Anganga ali kudimba, ndinakwera pamtondo n'kutsitsa kabotolo kaja. Ndinatapa pang'ono ndi chala chonyowetsa ndi malovu. Ndinakumba m'mbali mwa chitsa, pomwe makungwa ovunda anasanduka dothi lakuda lonunkha bowa, ndinasakaniza ndi zitosi za nkhuku monga ndinkaonera anganga akuchitira, ndipo ndinafesa. Ndinasankha pachitsa dala. Ndinkaganiza kuti dothi la pamenepo linazolowera kale kunyamula mtengo.

Timasamba tiwiritiwiri tinatuluka sabata isanathe. Ndinatchinga ndi mapesi a chimanga ndi minga. M'mawa uliwonse, ndisanapite kusukulu, ndinkapita kumjigo ndi kachitini, zala zitauma ndi kuzizira, mapazi akuwawa pamiyala. Madzi osamba ndinkasiyako theka. Ngakhale zinali choncho, tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza mbuzi ya oyandikana nawo itagwetsa mpanda, ikutafuna mosatekeseka. Mpiru unatsala umodzi wokha, womwe unamera pampata wa mizu iwiri pomwe mlomo wa mbuzi sunafike. Ndinadzitonthoza kuti m'fanizo muja munthuyo anafesanso njere imodzi.

Ndinkauyeza ndi thupi langa. Unafika m'kakolo, unafika m'bondo. Masamba ake anakula kuposa onse a kudimba, otambalala, okwinyika m'mphepete, obiriwira mpaka kuoneka akuda. Anganga ankaudutsa osanena kanthu. Ndinkayesa kuti sakuuona chifukwa cha maso awo.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku Thuchila dzuwa litapendeka, atagulitsa ndiwo zonse, mwendo ukuwapweteka. Madzi a nsima anali kale pamoto. Anandiuza kuti ndithyole mpiru wa pachitsa uja tiphike msanga. Ndinaimirira, ndinatenga lichero, koma ndinaudutsa n'kupita kuseri kwa nyumba kukafuna chisoso. Nyengo imeneyo chisoso chinali chitakhwima, ndipo ndinabwera ndi timasamba tosadzaza n'komwe dzanja.

Anganga anayang'ana m'lichero, anayang'ana ine. Aka kanali koyamba kuwakanira chinthu. Anandifunsa ngati makutu anga atsekeka. Anafunsanso m'Chilomwe, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti chete sandipulumutsa.

"Ukhala mtengo," ndinatero.

"Chiyani?"

"Mpiruwo. Ukapanda kuthyoledwa ukhala mtengo."

"Wakuuza ndani?"

"Yesu."

Anganga anatulutsa kamawu ka m'mphuno. "Yesuyo analimapo dimba?" Kenako anafunsa kuti mtengowo ndikuufunira chiyani, popeza mthunzi ulipo pakhonde. Mawu anandituluka okha, mwina chifukwa anali atakhala nthawi yaitali pakhosi. Ndinati amalume ananena kuti pakhomo pano palibe mtengo, ndipo ukakhalapo sadzanditenga.

Madzi anali akuwira, chivundikiro chikugogoda. Anganga sanaseke ndipo sanandikumbatire, sanali a zimenezo. Anakhala akuyang'ana kuchitsa mpaka ndinayamba kuopa. Kenako anati nditsuke chisosocho. Tsiku limenelo tinadya nsima ndi ndiwo zowawa, zosakwana, ndipo palibe anadandaula.

Kutacha ndinapeza kansanza katamangidwa patsinde la mpiru wanga. Kudimba ndi mmene amachitira. Pabedi lililonse mlimi amasankha mpiru umodzi kapena iwiri yamphamvu n'kuimanga kansanza, kuti aliyense wobwera kudzathyola, kaya ndi mwana wotumidwa kaya ndi wogula, adziwe kuti uwu ndi wa mbewu, sukhudzidwa. Mwambowu ndinkaudziwa. Chomwe chinandiimitsa chinali nsaluyo. Inali yong'ambidwa kuchitenje cha mayi anga, chobiriwira cha timadontho tachikasu, chomwe anganga ankachisunga m'sutikesi ndipo sankalola kuti ndichigwire ndi manja akuda. Ine ndinamasulira kuti anganga nawonso akhulupirira za mtengo, ndipo ndinapita kusukulu ndikuthamanga.

Kuzizira kutayamba kuchepa, mpiru unatulutsa phesi pakati. Linakwera mofulumira moti ndinkaona kusiyana m'mawa uliwonse. Linadutsa m'chiuno, linafika pachifuwa, linachita timphanda, ndipo timphandato ndinkatitcha nthambi. Kenako panabwera maluwa achikasu ndi njuchi. Sindinasangalalepo chomwecho chimwalirireni mayi. Mlimi aliyense akanandiuza kuti mpiru ukachita maluwa ndiye kuti ukutsanzika. Anganga ankadziwa, koma anangobwera ndi kansungwi n'kuuchirikiza kuti mphepo isaugwetse.

Utafika paphewa langa unaima. Masamba a m'munsi anayamba kuchita chikasu n'kugwa. Ndinawonjezera madzi, ndinawonjezera zitosi, koma sizinathandize. Kumunda makoko a nandolo anali atayamba kulira mphepo ikawomba.

Lamulungu lina anzanga atatuluka ndinatsalira. Aphunzitsi anadabwa, chifukwa mwina anali asanamvepo mawu anga. Ndinawafunsa kuti mpiru umatenga nthawi yaitali bwanji kuti ukhale mtengo. Anayamba kumwetulira, koma atandiyang'ana bwino anasiya. Ananjuta kuti tifanane msinkhu. Anati iwo sanaonepo mtengo wa mpiru, ndipo mwina wa kudziko la Yesu ndi wamtundu wina. Anati chomwe akudziwa n'chakuti Yesu sankaphunzitsa za ndiwo, ankanena kuti Mulungu amayamba ntchito zake ndi tinthu tomwe anthu satiwerengera. Anandifunsa chifukwa chomwe ndafunsira. Nditangoyang'ana pansi, anati ngati ndabzala, ndisasiye kuthirira.

Ndimawayamikira mpaka lero chifukwa sananame. Munthu wina akanandiuza kuti ndikapemphera kwambiri mtengo umera, ndipo ndikanadzida ndekha utapanda kumera.

Mbalame zinabweradi. Timakoko ta njere titauma, mpheta zinayamba kufika m'mawa. Imodzi ikatera, phesi lonse linkawerama. Zikatera ziwiri, nsonga inkagunda pansi, zonse n'kuuluka ndi phokoso. Zinkadya n'kumapita. Panalibe pomanga chisa, panalibe ngakhale pokhala. Ndinatola mwala kuti ndizigende, koma anganga anati ndizisiye zidyeko, sizingamalize.

Tinakolola nandolo, tinamenya, tinapeta. Patangopita masiku ochepa ndinamva belu la njinga kunjira. Dzuwa linali litayamba kutentha, phiri likuoneka lonse, lotuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire. Amalume anali atamanga kapilo katsopano pakaliyala kuti ndikhale bwino. Zovala zanga ndinali nditazimanga kale m'kansalu, osauzidwa ndi munthu. Ndinaima pafupi ndi chitsa, manyazi atandigwira, ngati mwana amene walephera mayeso ndipo pepala lake lili poyera.

Atalonjerana ndi anganga, amalume anabwera kudzakhala pamalo pawo pa nthawi zonse. Phesi louma lija linawakola malaya. Anaseka n'kufunsa kuti mpiru wokalambawu ukufuna chiyani pabwalo, bwanji osauzula. Anaugwira patsinde. Dzanja lawo linakhudza kansanza, ndipo analichotsa msanga, monga amachitira aliyense wokulira kudimba. Kenako anawerama n'kuyang'anitsitsa nsaluyo. Inali itasuluka ndi dzuwa koma timadontho tinkaonekabe. Chitenjecho anagula ndi iwo ku Milanje, n'kupatsa mlongo wawo.

Anganga anali ataima pakhomo, manja kumbuyo.

"Wakaona kansanzako?" anatero. "Dimba lonse munthu amathyola, amagulitsa, amapatsa abale. Koma mlimi amasiya umodzi. Wa mbewu sachoka pomwe anamera. Ukamuzula, chaka chamawa ufesa chiyani?"

Amalume anandiyang'ana ine, anayang'ana kamtolo kanga, anayang'ana cha kuseri kwa munda. Atalankhula, mawu awo anali otsika.

"Nanga mukadwala, amayi?"

"Udzabwera ndiwe. Njinga uli nayo."

"Nanga chakudya?"

"Wationa tawonda?"

Anakhala pachitsa, chipewa chili m'manja, akuchizunguliza. Kenako anandiitana, anandifunsa kuti ndili sitandade chiyani ndiponso ngati ndimakhoza. Ndinatchula kalasi yanga n'kuvomera ndi mutu. Anati ndikamasule katunduyo ndisanamakwinyitse yunifolomu. Anadya nafe nsima ndi nyemba za kalongonda, anamanga thumba la nandolo pakapilo kaja, ndipo anatsanzika. Kuyambira pamenepo ankabwera mwezi uliwonse, nthawi zina ndi makope, nthawi zina ndi manja okha, ndipo anganga atadwaladi patapita zaka, ndi amalume amene anawanyamula panjinga yomweyo.

Ndikulemba izi ndili pakhomo lomwelo. Munda wa anganga ndi wanga tsopano, monga mwa mwambo wathu kuti nthaka imatsata mwana wamkazi, ndipo ana anga aakazi adzaulima ine ndikadzapita. Lamulungu ndimaphunzitsa ana kutchalitchi. Tikafika pa fanizo la mpiru sipalephera kupezeka wamkamwa wofunsa za makwerero, ndipo ndimaseka nawo. Koma maso anga amakhala kumbuyo, kwa mwana amene sakuseka. Ameneyo ndi amene wanyamula fanizo kupita nalo kunyumba, ndipo sindidziwa chomwe akalichite.

Ndimaganizanso za anganga, amene ankagona pa ulaliki ndipo sankatha kuwerenga ngakhale dzina lawo. Mwini mbumba sakanamukanira maso ndi maso, mwambo sukanalola, ndipo amalume akanachita manyazi n'kuumirira. Anawapatsa kankhani ka m'dimba, n'kuwasiya atafune okha.

Koma zonsezi ndi za lero. Tsiku lija, njinga itazimiririka, anganga anayala lichero pansi, anaweramitsa phesi lija n'kulipukusa ndi manja. Njere zinagwa ngati kamvula, zambiri kuposa zomwe ndinaba. Anandituma kukatsitsa kabotolo, ndipo kanadzaza mpaka pakhosi, zina n'kutsala. Ine misozi inali ikutsika. Ndinawapepesa kuti mpiru wanga walephera, sunakhale mtengo. Anganga anamasula kansanza kaja, anakapinda, anandipatsa m'dzanja, n'kunena kuti ndikatunge madzi dzuwa lisanalowe.

Ndinapita kumjigo kansanzako nditakafumbata, ndikutsata mzere womwe tayala la njinga linasiya pafumbi. Njira yonse ndinkadabwa kuti munthu wamkulu angapalase bwanji kuchokera ku Muloza kudzatenga mwana, n'kubwerera yekha chifukwa cha ndiwo yokalamba.